Nyale ya check engine ikayaka, yezani kaye musanagule sensa

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zili ndi kanyale kachikasu koyaka pa dashibodi, kojambulidwa ngati injini. Eni ake ena anakazolowera moti sakaonanso. Ena anamatapo katepi kakuda kuti kasamawasowetse mtendere usiku. Ogulitsa galimoto ena osakhulupirika amafika pochotseratu kababu kake kuti wogula asadziwe kuti pali vuto. Chinyengo chimenechi n'chosavuta kuchigwira. Tembenuzani kiyi kuti nyale zonse za pa dashibodi ziyake koma osaliza injini. Kanyale ka injini kayenera kuyaka limodzi ndi zinzake, kenako kuzima injini ikalira. Ngati sikayaka n'komwe, wina anakagwiragwira.

Kanyale kameneka ndi pakamwa pa kompyuta ya injini. Kompyutayo imayang'anira kapsedwe ka mafuta ndi utsi wotuluka ku ekizozi, ndipo ikaona chinthu chimene chingachititse utsi kukhala woipa kuposa muyeso, imasunga kodi (nambala yosonyeza vutolo) n'kuyatsa nyale. Dongosololi limatchedwa OBD-II. Ku America linakhala lamulo pa galimoto zonse zazing'ono kuyambira 1996, ndipo ku Ulaya linayamba kugwira ntchito pa galimoto za petulo mu 2001. N'chifukwa chake Vitz, Sienta, Demio, Fit kapena Polo ili ndi soketi ya mabowo 16 pansi pa dashibodi, kawirikawiri chapafupi ndi bondo la dalaivala.

Choyamba kuona ndi mmene nyaleyo ikuyakira. Ikangoyaka phee, galimoto mukhoza kuyenda nayo mpaka kunyumba kapena kugalaja, bola madzi asakutentha ndipo nyale ya oyilo isanayake. Koma ikamaphethira, nkhani yake ndi ina. Apo ndiye kuti silinda ina sikuwotcha mafuta, petulo wosapsa akutsikira mu ekizozi n'kumakapsera mu catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi cha mu ekizozi), ndipo kutentha kwake kumatha kusungunula zam'kati mwake pa mtunda waufupi. Chotsani phazi pamoto, imani pamalo abwino, zimitsani. Koyilo imodzi, kachipangizo kopereka moto ku silinda kamene kangayambitse vutoli, ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi catalytic converter.

Kuwerenga kodi

Makina owerengera kodi salinso a magalaja akuluakulu okha. Kachipangizo kotchedwa ELM327 kamalowa mu soketi ija n'kulumikizana ndi foni pa Bluetooth, ndipo pulogalamu ngati Torque kapena Car Scanner imaonetsa kodi pamodzi ndi manambala a masensa (tizipangizo toyeza timene timauza kompyuta zimene zikuchitika) injini ikulira. Galimoto zina zakale zimene zinapangidwira msika wa ku Japan kokha zimakana kulankhula ndi tizipangizo totchipati. Zikatero musaganize kuti kompyuta yafa. Pitani kwa amene ali ndi makina aakulu odziwa chilankhulo cha kampani ya galimotoyo.

Kodi imakhala ndi chilembo ndi manambala anayi. P ndi ya injini ndi giyabokosi. Nambala yoyamba ikakhala 0, tanthauzo lake ndi limodzi pa galimoto zonse; ikakhala 1, tanthauzo ndi la kampaniyo, moti P1 ya Toyota si P1 ya Nissan. Mawu akuti bank 1 amatanthauza mbali ya injini kumene kuli silinda yoyamba, ndipo injini ya masilinda anayi nthawi zambiri ili ndi mbali imodzi yokhayo. Sensor 1 ndi sensa ya kutsogolo kwa catalytic converter, sensor 2 ndi ya kumbuyo kwake. Anthu ambiri ataya ndalama posintha ya kumbuyo pamene kodi inanena ya kutsogolo.

Apa pali cholakwa chimene chimachitika tsiku ndi tsiku. Munthu amalumikiza makina, amaona kodi, amadina batani lofufuta, nyale imazima, mwini galimoto amalipira n'kumapita akumwetulira. Pakatha masiku awiri nyale ija yabweranso. Kufufuta kodi sikukonza kanthu, ndipo kumataya umboni. Pa nthawi imene kompyuta inasunga kodi inasunganso chithunzi cha mmene injini inalili, chotchedwa freeze frame: liwiro la galimoto, kuzungulira kwa injini, kutentha kwa madzi, ndi mafuta amene inkawonjezera kapena kuchepetsa. Vuto lobwera injini ili yozizira mmawa ndi losiyana ndi lobwera mukukwera chitunda pa 100 km/h. Jambulani zonsezo ndi foni musanafufute chilichonse. Kuchotsa waya wa batire nakonso kumafufuta umboni womwewo.

Ndipo chachikulu pa nkhani yonseyi n'chakuti kodi imatchula malo amene kompyuta yamva dandaulo, osati chinthu chimene chawonongeka. Sensa ndi mboni. Ikanena kuti mu utsi muli mpweya wochuluka, mwina ikunama chifukwa yakalamba, koma nthawi zambiri ikunena zoona ndipo wolakwa ali kwina.

Mmene sensa ya okosijeni imagwirira ntchito

Petulo amapsa bwino akasakanikirana ndi mpweya pa muyeso wa magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Ntchito ya sensa ya mu ekizozi ndi kuuza kompyuta ngati muyesowo wapendekera kwina. Inapangidwa ndi kampani ya Bosch ndipo inayamba kuikidwa pa galimoto za Volvo mu 1976. M'kati mwake muli kachidutswa ka zirconia kamene kamatulutsa magetsi ochepa kakatentha. Utsi ukakhala ndi okosijeni wambiri, kutanthauza kuti mafuta achepa, imapereka mavoti pafupifupi 0.1. Mafuta akachuluka imapereka pafupifupi 0.9. Kompyuta imangokhalira kuwonjezera ndi kuchepetsa mafuta pang'onopang'ono, choncho sensa yamoyo ya kutsogolo imakwera ndi kutsika kudutsa pa 0.45 mosalekeza. Injini itatentha, igwireni pa 2,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) n'kuyang'ana mzere wake pa foni: uzikwera ndi kutsika pafupifupi kamodzi pa sekondi. Ukamayenda mwaulesi, sensa yakalamba, ndipo kodi yake nthawi zambiri ndi P0133. Ukangoima malo amodzi, pondani moto mwadzidzidzi. Sensa yabwino ilumphira ku 0.8 kapena 0.9, ndipo mukasiya moto igwera pansi pa 0.2. Ikachita zimenezo ndi yamoyo, ndipo kuima kwake kumachokera ku vuto la injini.

Chenjerani ndi Toyota, Honda, Nissan ndi Subaru zambiri za m'zaka za m'ma 2000 kupita m'tsogolo. Kutsogolo zili ndi sensa ya mtundu wina yotchedwa A/F sensor. Kunja imafanana ndi ija, koma siilumphalumpha. Pa Toyota makina amaonetsa mavoti pafupifupi 3.3 zinthu zikakhala bwino. Nambala imakwera mafuta akachepa ndipo imatsika mafuta akachuluka, mosemphana ndi sensa yakale. Amakaniko ena akaona mzere wake uli phee amati yafa, n'kuikapo sensa wamba ya mawaya anayi chifukwa mazinga ake ndi ofanana. Ilowa bwinobwino pabowo, koma kompyuta siidzaimva, ndipo galimoto idzayamba kudya mafuta kuposa kale.

Sensa siyamba ntchito isanatenthe kufika madigiri pafupifupi 300, ndipo ya A/F imafuna kutentha kwambiri kuposa pamenepo. Choncho m'kati mwake muli kachotenthetsera ka magetsi. Kameneka ndi kamene kamafa kawirikawiri, ndipo kodi zake ndi P0135 kapena P0031 kutsogolo, P0141 kapena P0037 kumbuyo. Kuyeza kwake ndi kwa mphindi zisanu. Injini itazizira, chotsani pulagi ya sensa. Pa mawaya anayiwo, awiri ofanana mtundu ndi a chotenthetsera: pa sensa ya kampani ya Denso ndi akuda awiri, pa ya Bosch ndi oyera awiri. Ikani multimeter (choyezera magetsi) pa ohm n'kugwiritsa pa mapini awiriwo. Sensa wamba ya Toyota imaonetsa pakati pa 11 ndi 16 ohm, pamene ya A/F imaonetsa ochepa, pakati pa 1 ndi 4 malinga ndi mtundu wake. Multimeter ikapanda kuonetsa kanthu, waya wam'kati waduka ndipo sensa isinthidwe. Imeneyi ndi imodzi mwa nthawi zochepa zimene kodi ndi chinthu chowonongeka zimagwirizana. Koma ikaonetsa nambala yabwino, tembenukirani ku pulagi ya mbali ya galimoto, yatsani kiyi, muone ngati mavoti 12 akufika. Akapanda kufika, fufuzani fyuzi ndi rile yake, kenako tsatirani waya. Mawaya a sensa amadutsa pafupi ndi ekizozi yotentha ndipo amasungunuka akamasuka pa kopanira. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena dzala imadyedwa mawaya ndi makoswe. Ndipo otsuka galimoto akathira madzi amphamvu mu injini, madzi amalowa m'mapulagi n'kusiya dzimbiri lobiriwira pa mapini.

P0171, kodi imene yagulitsa masensa ambiri osalakwa

P0171 imati mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya. P0172 imati akuchuluka. Palibe mwa ziwirizi imene ikunena kuti sensa yawonongeka. Kuti mudziwe kumene kuli vuto, yang'anani manambala awiri pa makina: STFT, amene ndi mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa pakali pano, ndi LTFT, amene ndi zimene yaphunzira pa nthawi yaitali. Onse ali mu peresenti. Phatikizani awiriwo. Injini yabwino imakhala pakati pa -10 ndi +10. Ikamafika +20 kapena +25, ndiye kuti kompyuta ikuthira mafuta ambiri kuti ikwirire vuto linalake.

Pano pali chinthu chimodzi chofunika kuchikumbukira ku Malawi. Petulo wa pa filing'i siteshoni amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amafuna mpweya wochepa kuti apse, magalamu pafupifupi 9 pa galamu imodzi, choncho kompyuta imawonjezera mafuta pang'ono kuti muyeso ukwane. LTFT ya +3 mpaka +7 pa galimoto yochokera ku Japan si matenda. Koma imatanthauza kuti mpata wotsala ndi wochepa, moti kabowo kakang'ono kolowetsa mpweya mozemba kamene kwina sikakanayatsa nyale, kuno kamayatsa.

Tsopano werengani manambalawo kawiri: injini ikulira yokha osaponda moto, kenako pa 2,500 rpm. Kusiyana kwake ndi kumene kumaloza wolakwa.

Ngati ali +20 injini ikulira yokha koma atsika kufika +5 mukaponda moto, mpweya ukulowa mozemba penapake kuseri kwa sensa yoyeza mpweya. Chifukwa chake n'chosavuta. Injini ikulira yokha imakoka mpweya wochepa kwambiri, ndiye kabowo kakang'ono kamakhala gawo lalikulu la mpweya wonse. Mukaponda moto kabowoko kamamira mu mpweya wambiri. Yambani ndi paipi yaikulu ya labala yochokera ku bokosi la eya kilina kupita ku injini. Imang'ambika m'makwinya, chapansi pamene maso safika. Ichotseni, muipinde ndi manja pa kuwala, ndipo mng'alu udzatseguka ngati kamwa. Kenako onani tipaipi ting'onoting'ono, paipi ya PCV (yochotsa nthunzi ya m'kati mwa injini) imene imafewa ndi oyilo, paipi yopita ku chothandizira mabuleki, ndi gasiketi ya manifodi. Galaja yokhala ndi makina opopera utsi mu manifodi imapeza bowo msanga, chifukwa utsi umatulukira pomwepo. Popanda makinawo, wazani madzi pang'ono ndi kabotolo kopopera m'malo okayikitsa mukuyang'ana STFT. Ikasintha mwadzidzidzi, bowo lili pamenepo. Ena amapopera mankhwala otsukira kabureta. Zimagwira, koma pafupi ndi koyilo yothetheka kapena ekizozi yotentha moto umabuka, ndipo sindingalangize munthu kutero pakhomo.

Ngati zili mosemphana, manambala ali bwino injini ikulira yokha koma akukwera mukaponda moto, ndiye kuti mafuta sakufika okwanira kapena mpweya ukuwerengedwa mopereweza. Apa pali pampu yotopa, fyuluta ya mafuta yotsekeka, ma injector (topopera mafuta mu injini) akuda, kapena sensa yoyeza mpweya ija, yotchedwa MAF. Pa injini ngati 1NZ-FE ya Toyota mphamvu ya mafuta mu paipi imayenera kukhala pang'ono kupitirira 3 bar, ndipo geji ndi imene ingakuuzeni, osati khutu. Mafuta ogula m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta amabwera ndi zinyalala, madzi, nthawi zina palafini, ndipo kasefa ka pampu ndi kamene kamayamba kulipira. Kuyenda ndi thanki yongotsala pang'ono kuuma masiku onse nakonso kumafupikitsa moyo wa pampu, chifukwa petulo ndi amene amaiziziritsa.

Sensa ya MAF ili pa paipi, pafupi ndi eya kilina, yomangidwa ndi tizomangira tiwiri. M'kati muli tiwaya topyapyala totentha timene timazizira mpweya ukamadutsa, ndipo kompyuta imawerengera mpweya kuchokera pamenepo. Fumbi la m'chilimwe likakuta tiwayato, timawerenga mpweya wochepa kuposa umene ukulowadi. Izi zimachitika msanga pa galimoto imene eya kilina yake ndi yotchipa yosakhala bwino m'bokosi, kapena imene amangoipopera mpweya wa kompuresa mpaka pepala lake kubooka. Pa injini ya malita 1.5 yotentha, eyakoni itazima, MAF imaonetsa magalamu pafupifupi 2 pa sekondi. Kuitsuka n'kosavuta: ichotseni, poperani mankhwala otsukira MAF kapena otsukira zamagetsi osasiya mafuta, kakhumi kapena kupitirira, musiye iume yokha mphindi khumi. Musaikhudze ndi nsalu, thonje kapena burashi, ndipo musaitsuke ndi petulo. Tiwaya timeneti tikaduka palibe kulumikiza.

Palinso wolakwa wachitatu amene amaiwalika: bowo la ekizozi kutsogolo kwa sensa. Utsi umatuluka modukizadukiza, ndipo pakati pa kutuluka kumodzi ndi kwina bowolo limakoka mpweya wakunja. Sensa imanunkhiza okosijeniyo n'kunena kuti mafuta achepa, kompyuta imawonjezera, galimoto imadya mafuta, mapulagi a moto amada, koma kodi ikunenabe kuti mafuta ndi ochepa. Mahampu ndi maenje a m'misewu amang'amba kapaipi kolukana ka pansi pa injini ndi gasiketi ya manifodi ya ekizozi. Lizani injini ili yozizira mumvetsere kaphokoso ka "tchi-tchi-tchi" kamene kamachepa ikatentha, ndipo fufuzani mzere wa mwaye wakuda pa malo olumikizira.

P0172 ili ndi zoyambitsa zake: eya kilina yotsekeka, injector yodontha, vavu ya nthunzi ya petulo yokanirira potseguka. Koma pa kudya mafuta, chimene ndimachiona kuti n'chofala kwambiri kwathu ndi chizolowezi chochotsa thermostat (kavavu kotsegulira madzi njira ya ku redieta injini ikatentha) poganiza kuti ndi ya mayiko ozizira. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ali pa madigiri 80 mpaka 95. Popanda thermostat, pa msewu wautali madzi amakhala ozizira kuposa pamenepo, kompyuta imaganiza kuti injini sinatenthebe, ndipo imapitiriza kuthira mafuta ochulukirapo. Pa galimoto zina kodi yake ndi P0128 kapena P0125. Pa zina nyale siyaka n'komwe, mumangoona thanki ikutha msanga. Mwaye wake umakuta sensa ya okosijeni ndi catalytic converter. Injini ikamatentha kwambiri, vuto limakhala redieta, fani, pampu ya madzi kapena thermostat yokanirira imene ikufunika kusinthidwa, osati kutayidwa.

P0420 ndi catalytic converter

M'kati mwa catalytic converter muli chinthu chonga chisa cha njuchi, chokutidwa ndi platinum, palladium ndi rhodium. Zitsulo zimenezi zimasandutsa carbon monoxide, petulo wosapsa ndi mipweya ya nitrogen kukhala utsi wosaopsa kwambiri. Sensa ya kumbuyo ilipo kuti iziona ngati ntchitoyi ikuchitika. Converter yabwino imasunga okosijeni n'kumamutulutsa pang'onopang'ono, choncho sensa ya kumbuyo imakhala yodekha, pa mavoti 0.6 mpaka 0.8. Ikayamba kulumphalumpha motsanzira ya kutsogolo, ndiye kuti utsi ukungodutsa osasinthidwa, ndipo kompyuta imalemba P0420.

Musanaweruze converter, tsimikizani kuti palibe bowo la ekizozi pafupi ndi sensa ya kumbuyo ndiponso kuti palibe kodi ina. P0420 ikabwera limodzi ndi P0171, P0172 kapena P0300, yambani ndi zinazo. Kusintha sensa ya kumbuyo chifukwa cha P0420 sikuthandiza kawirikawiri, chifukwa sensa yokalamba imachita ulesi, ndipo yaulesi siingalumphelumphe. Imene ikulumpha ikugwira ntchito yake.

Converter siifa yokha msanga, imaphedwa. Silinda yosawotcha imaisungunula. Injini yodya oyilo imaikuta ndi phulusa la phosphorus ndi zinc. Gasiketi ya hedi yodontha imaipaka madzi a redieta. Silikoni wamba womatira magalasi, akagwiritsidwa ntchito pa kava ya mavavu kapena pa sampu, amatulutsa nthunzi imene imapha sensa, ndipo nsonga yake imatuluka yoyera ngati yapakidwa ufa; gulani silikoni wolembedwa kuti ndi sensor safe. Kale mdani wamkulu anali petulo wa mtovu, koma mayiko a kum'mwera kwa Sahara anamusiya pofika 2006. Mukaika converter ina osachotsa chimene chinapha yoyamba, nayonso ipita.

Yosungunuka imatseka njira ya utsi. Galimoto imalira bwino itaima, koma pa chitunda imakana kukoka, ndipo ikatentha imafookeratu. Kuti mutsimikize, masulani sensa ya kutsogolo kuti utsi upeze potulukira, muyende mtunda waufupi kwambiri. Phokoso lidzachuluka, koma mphamvu ikabwerera, converter ndi yotsekeka. Yophwanyika m'kati imalira ngati miyala mu chitini mukaimenya pang'ono ndi chibakera itazizira.

Chifukwa cha zitsulo zamtengo zija, ma converter amabedwa, ndipo nthawi zina galimoto imafika kwa mwini wake chigoba chilipo koma m'kati mulibe kanthu. Galimoto imene sinkavuta ikabwera ndi P0420 mwadzidzidzi, mawu a ekizozi asintha ndipo utsi ukuwawa m'maso, gwadani muone ngati pali zowotcherera zatsopano pa chigobacho. Kugogoda zam'kati dala ndi kuika kachitsulo kotalikitsa sensa kuti nyale izime ndi njira imene ambiri amatsata chifukwa converter yatsopano ndi yodula. Ndikumvetsa za mtengowo, koma utsi wa galimoto yotere umapumidwa ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu, amayi ogulitsa pa depoti, ndi inu nomwe mukaima pa mzere wa magalimoto. Carbon monoxide alibe fungo, ndipo ekizozi ikabooka pansi pa mipando amalowa m'kati.

Kodi za P0300 mpaka P0304 ndi za silinda yosawotcha. P0300 sitchula silinda imodzi, koma pa P0301 mpaka P0304 nambala yomaliza ndi ya silindayo. Ngati ndi P0302, sinthanitsani koyilo ya silinda yachiwiri ndi ya chitatu, fufutani, yendani. Kodi ikasanduka P0303, koyilo ndi imene yafa. Ikakhalabe P0302, chitani chimodzimodzi ndi pulagi ya moto (spark plug), kenako injector, kenako yezani kompuresheni. Mukazula koyilo muone ngati m'dzenje la pulagi muli oyilo. Ngati alimo, labala ya kava ya mavavu yatha ndipo idzaphanso koyilo yatsopanoyo.

Kodi ngati P0442, P0455 ndi P0456 ndi za nthunzi ya petulo yothawa mu thanki, ndipo zimaoneka kwambiri pa galimoto zopangidwira msika wa ku America. Yambani ndi chivindikiro cha thanki ndi labala yake. Lekaninso kuuza wothira mafuta kuti apitirize pampu itadula yokha, chifukwa petulo wosefukira amalowa mu kabokosi ka makala kosunga nthunziyo n'kukawononga. P0401 imati vavu ya EGR, yobwezera utsi wina mu injini, sikudutsitsa utsi wokwanira. Nthawi zambiri ndi mwaye wotseka tinjira take, ndipo kutsuka kumakwanira, bola mutsukenso kanjira ka mu manifodi osati vavu yokha.

Za dizilo zamakono, monga Mazda CX-5 ya injini ya 2.2, zili ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF. Imadziyeretsa powotcha mwaye pa madigiri pafupifupi 600, ndipo izi zimafuna ulendo wautali wa liwiro lokhazikika. Galimoto yongoyenda mtunda waufupi m'tauni imadukiza kuwotchako, dizilo amatsikira mu oyilo, ndipo oyilo amakwera pa chitsulo choyezera mpaka kufika pa chizindikiro cha X. Mukaona P2002 kapena P2463, yang'anani kaye tipaipi tiwiri topita ku sensa yoyeza kupanikizika kwa utsi, chifukwa tikang'ambika kapena kutsekeka kompyuta imanamizidwa. Injini zimenezi zimafuna oyilo wa phulusa lochepa, wa mtundu wa DL-1 kapena ACEA C, ndipo oyilo wa malole amatseka sefayo ndi phulusa limene moto sulichotsa.

Zikatsimikizika kuti sensa ya okosijeni ndi imene yafa, gulani pogwiritsa ntchito nambala yolembedwa pa sensa yakale kapena nambala ya chasisi, osati dzina la galimoto lokha, chifukwa Vitz ya chaka chimodzi ikhoza kukhala ndi injini zitatu zosiyana. Denso, NTK ndi Bosch ndi amene amapangira makampani a galimoto, koma zachinyengo zovala mabokosi awo zilipo zambiri, ndipo mtengo wotsikitsitsa ndi chizindikiro choyamba. Sensa yeniyeni yochotsedwa pa injini yobwera kuchokera kunja nthawi zambiri imaposa yatsopano yachinyengo. Yezani chotenthetsera chake musanalipire. Pomasula, injini ikhale yofunda osati yotentha, thirani mafuta omasulira dzimbiri pa mazinga mudikire mphindi khumi ndi zisanu, chotsani pulagi kaye kuti waya asapotokoke, ndipo gwiritsani soketi ya 22 mm yong'aluka m'mbali. Sipanala yotseguka imaterera n'kuphwanya makona. Yatsopano ilowetseni ndi dzanja mpaka ikhale, kenako mangani pa 40 mpaka 45 Nm. Girisi woteteza dzimbiri apite pa mazinga pokha, asakhudze nsonga. Musawotcherere mawaya a sensa ndi mtovu kapena kuthira girisi mu pulagi yake, chifukwa masensa ena amapumira mpweya wakunja kudzera m'mawayamo.

Mukatha kukonza, fufutani kodi kuti LTFT yakale ichoke, kenako yendani mphindi 20 mpaka 30, m'tauni ndi pa msewu waukulu, mukuyang'ana manambala aja. Nyale ikapanda kuyaka tsiku loyamba musafulumire kukondwa: kodi zambiri zimafuna kuti vuto lioneke pa maulendo awiri otsatizana nyale isanayake, ndipo pa ulendo woyamba zimabisala pa mndandanda wa kodi zodikira wotchedwa pending. Onaninso ma readiness monitor, amene ndi mayeso amene kompyuta imadzichitira yokha galimoto ikamayenda. Akalemba kuti mayeso a sensa ya okosijeni ndi a catalytic converter atha, pending mulibe kanthu, ndipo STFT ndi LTFT zabwerera pansi pa 10, ntchito yagwirika. Mayeso omwewa ndi othandiza pogula galimoto: mukapeza kuti kodi palibe koma ma monitor ambiri akuti sanathe, ndiye kuti kompyuta yafufutidwa kapena batire yachotsedwa posachedwapa, ndipo muyenera kuyenda nayo ulendo wautali musanapereke ndalama.